Kuchoka ku damu lolipira kupita ku kamtsinje: nsomba sizidzakutsatani pamene mwakhala

Funso: Ndakhala ndikuwedza kwa zaka zingapo m'madamu olipira kuno ku England, aja eni ake amathiramo nsomba za carp ndi F1 zambirimbiri. Kumeneko sindibwerako chimanjamanja, koma zayamba kundikwana. Ndiye ndinakayesa kamtsinje kena kakang'ono, koti mwana atha kuponya mwala n'kufika tsidya lina. Ndinakhala pamalo amodzi kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kuthira timibulu ta chakudya monga ndimachitira ku damu, koma choyandama changa, chija chimamira nsomba ikadya nyambo, sichinamire ngakhale kamodzi. Kodi mulibe nsomba mmenemo, kapena ndine amene ndikulakwitsa? Nanga ndigule zipangizo zatsopano?

Yankho: Nsomba zilimo, achimwene, ndipo mwina zina zinakuonani musanamange n'komwe mbedza. Za zipangizo tikambirana, koma si pamene pagona nkhani. Ku damu lolipira ntchito yanu inali yoitana nsomba kuti zibwere pamene mwakhala. Ku kamtsinje inuyo ndi amene muyenera kunyamuka kukazipeza kumene zili. Munthu amene sanavomereze zimenezi akhoza kugula ndodo yodula kuposa zonse m'sitolo n'kumabwerabe chimanjamanja.

Taganizirani mmene damu lija linakonzedwera. Mwini wake amapeza ndalama inu mukagwira nsomba n'kubweranso sabata yotsatira. Choncho amathiramo nsomba zochuluka kuposa zimene chakudya chachilengedwe cha m'damumo chingakhutitse, ndipo nsombazo zimadalira nyambo za anthu owedza. F1 ija, yomwe imabadwa pokweranitsa carp wamba ndi crucian carp, eni madamu anaikonda chifukwa imadya ngakhale kukuzizira, pamene carp zina zangoti duu pansi. Nsomba zoterezi zinazolowera kuti timibulu tikamagwa pamadzi ndiye kuti chakudya chafika. Zili ngati nkhuku za pakhomo zimene zimathamangira munthu wowaza chimanga, pamene chub ya mumtsinje ndi nkhanga: ikangomva tswa, yapita. Luso limene munalipeza ku damu ndi lenileni, sindikulinyoza ayi, koma munaliphunzira pa nsomba zanjala zimene zilibe kothawira.

Mumtsinje nsomba sizimwazikana paliponse mofanana. Mukhoza kuyenda mtunda ndithu m'mbali mwa madzi okongola, oyera mbee, koma opanda nsomba yoti n'kuwedza, kenaka pansi pa chitsamba chimodzi chogwera m'madzi n'kupeza gulu lonse la chub lili phee. Ngati tsiku lija munasankha malo poona kuti ndi posalala, udzu ndi waufupi, mpando ukhazikika bwino ndipo galimoto ili pafupi, ndiye kuti munasankhira thupi lanu. Malo otere kawirikawiri amakhala osaya, opanda pobisala, ndipo nsomba yaikulu sikhalapo dzuwa lili paliwombo. Timibulu tanu tija madzi anatikokolola n'kukatisiya kutali kumunsi, kumene mwina nsomba zina zinadya n'kukhuta inu osadziwa.

Phunziro lalikulu tsono ndi loyang'ana madzi n'kuzindikira pamene nsomba ingakhale. Nsomba ya mumtsinje imafuna kudya, imaopa kudyedwa, ndipo sifuna kutha mphamvu polimbana ndi madzi othamanga usana ndi usiku. Imaima mutu utaloza kumtunda kumene madzi akuchokera, poti chakudya chimachokera komweko. Malo amene imawakonda ndi aja ingathe kukhala m'madzi odekha, pamwamba pali chophimba, koma chakudya chikudutsa pafupi ndi pakamwa pake. Mukasunga zimenezi m'mutu, mtsinje umasiya kuoneka ngati madzi amodzimodzi.

Yambani ndi pamene madzi othamanga akumana ndi madzi odekha. Pamaoneka kamzere pamwamba pa madzi, nthawi zina kokhala ndi thovu ndi timasamba tikuzungulira. Kamzere kameneka mumakapeza kumunsi kwa mtengo wogwa, kuseri kwa mwala waukulu, kumunsi kwa mzati wa mlatho, kapena pamene kamfuleni kathira mumtsinje. Nsomba imakhala mbali yodekha, n'kumasuzumira mbali yothamanga kukatola chimene chikudutsa, n'kubwerera pamalo pake. Mukapeza kamzere kotere, madzi ake ofika m'chiuno ndipo pamwamba pali nthambi, musapitirire.

Pokhota mtsinje napo m'pofunika. Madzi amakumba mbali yakunja ya pokhotapo n'kusiya mchenga ndi matope mbali yamkati. Mbali yakunjayo ndiyo yakuya, ndipo kawirikawiri madzi amakhala atafukula pansi pa gombe, mizu ya mitengo ili lendelende m'madzi. Mutha kuima pa gombe lotere n'kumaponya nyambo tsidya lina, osadziwa kuti nsomba imene mukuifuna ili pansi pa mapazi anu enieni. Ndiye pali zinyalala zija, timitengo, masamba ndi udzu, zimene zimakodwa pa nthambi yokhudza madzi n'kupanga denga loyandama. Wozolowera ku damu amazilambalala poopa kuti mbedza ikodwa. Ine ndikaona denga lotere ndimadziwa kuti ndafika, chifukwa chub palibe malo amene imawakonda kuposa amenewa. M'mitsinje imene muli akatumbu ndi mbalame zodya nsomba zotchedwa cormorant, nsomba zimaumirira kwambiri pobisala potere, ndipo nthawi zina zimasonkhana m'kati mwa tawuni, pansi pa milatho, pamene anthu odutsa amaopseza mbalamezo.

Mtundu uliwonse uli ndi pokonda pake. Dace imakonda madzi osaya, othamanga, a pa nsangalabwi. Roach imafuna madzi oyenda mosathamanga, osalala pamwamba, akuya mofanana kwa kamtunda ndithu. Perch imabisala m'mizu ndi m'madzi odekha momwe muli tiana ta nsomba. Barbel, ngati ilimo, imadya pansi penipeni pa miyala yoyera, pakati pa zomera zazitali zija zimagona motsatira madzi. Koma poyamba ndikanakonda mulunjike pa chub. Imapezeka m'timitsinje tambiri ta ku England, ili ndi kamwa lalikulu, imadya pafupifupi chilichonse chaka chonse, ndipo ndi yamantha mokwanira kukuphunzitsani ulemu.

Ulendo wanu wotsatira musiye ndodo kunyumba. Ndikudziwa kuti zimenezi zimapweteka, koma maola awiri oyenda m'mbali mwa mtsinje, mutavala magalasi aja amachotsa kunyezimira kwa pamwamba pa madzi, adzakupatsani zambiri kuposa masiku angapo okhala pampando. Tengani buledi pang'ono, muziponya tizidutswa n'kumatitsatira ndi maso kuti muone kumene madzi akutitengera ndi pamene tikuima. Mukaima chete kuseri kwa chitsamba kwa kanthawi, zimene mumaziyesa mithunzi ya pansi zimayamba kusuntha. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Madzi akakhala otsika ndi oyera, onetsetsani pamene pali maenje, miyala ndi mitengo yomira, chifukwa akadzasefukira n'kuda, zimenezi mudzangozidziwa pokumbukira.

Tsono za kuzemba. Nsomba ili ndi kamzere m'nthiti mwake, kuyambira kumutu mpaka kumchira, kamene kamamva kugwedezeka kwa madzi. Phokoso limayenda m'madzi pa liwiro la mamita pafupifupi 1,500 pa sekondi, kuposa kanayi liwiro lake mumpweya. Kulankhula sikuvuta kwenikweni, poti mawu ambiri a mumpweya amabwerera akafika pamwamba pa madzi. Choopsa ndi chimene chimadutsa m'nthaka: kuponda mwamphamvu, kutula chikwama mwa thi, kukhomera chitsulo chogonekapo ndodo. Pa kamtsinje kopapatiza nsomba ili mamita awiri kapena atatu kuchokera pamene mwaima, ndiye zonsezi imazimva.

Maso akenso ndi akuthwa. Chifukwa kuwala kumapindika polowa m'madzi, nsomba imaona zonse za kunja kudzera pa malo ozungulira pamwamba pake, otambasuka madigiri pafupifupi 97. Zinthu zotsika, zoyandikira gombe, imaziona zofinyika ndi zosadziwika bwino, koma munthu woimirira tsonga, kumbuyo kwake kuli thambo loyera, imamuona bwinobwino. N'chifukwa chake owedza m'timitsinje amayenda mowerama, amagwada, amakhala pansi, ndipo amasankha kuti kumbuyo kwawo kukhale mtengo kapena chitsamba. Valani zovala zosawala, ndipo chithunzithunzi chanu kapena cha ndodo chisagwere pamadzi. Chub imodzi ikathawa, zinzake zonse zimaitsata, ndipo pamalopo pangathe ola lathunthu pali zii.

Popeza nsomba zili m'malo ochepa otalikirana, tsiku lanu likhale loyenda. Njira imene ndimaikhulupirira ndi iyi. Nyikani buledi m'madzi, mufinye n'kumuphwanyaphwanya. Yendani mtunda wonse umene mukufuna kuwedza, n'kumaponya kadzanja kamodzi ka buledi ameneyu chakumtunda pang'ono kwa malo alionse amene akukukopani, malo asanu kapena asanu ndi limodzi. Musawedze kaye. Mukafika kumapeto, bwererani pa malo oyamba, pamene nsomba zakhala zikutola tizidutswa popanda chosokoneza, n'kuika nyambo yanu mwakachetechete. Kuponya koyamba ndiko kofunika kuposa kwina kulikonse, choncho konzekerani zonse muli patali ndi madzi: nyambo pa mbedza, kaukonde kotungira nsomba kali pafupi ndi dzanja. Ngati pali chub yofuna kudya, kawirikawiri imadya m'mphindi zoyambirira. Pakatha mphindi 20 popanda kanthu, nyamukani. Mukagwira imodzi, nyamukaninso, poti kuphiriphitha kwake kwaopseza zinzake, ndipo mutha kudzabwerera madzulo. Wozolowera ku damu amavutika kwambiri ndi kunyamukaku, chifukwa anaphunzitsidwa kuti ukapitiriza kuthira chakudya nsomba zibwera basi. Kuno zikhoza osabwera mpaka dzuwa kulowa.

Kuyenda kotere sikutheka ndi bokosi lokhalira, ngolo yokankha ndi zidebe zisanu. Ndipo apa ndi pamene funso lanu la zipangizo lili ndi yankho lokoma: muyenera kuchotsa zambiri kuposa kugula. Ndodo imodzi ya mamita 3 kapena 3.3 yokhala ndi nsonga yofewa yoonetsa nsomba ikamadya, yonga imene mumaponyera chakudya ku damu, ikukwanirani. Ngati kamtsinje kanu kali ndi mitengo yothithikana, yofupikirapo ndiyo yabwino. Chokulungira ulusi chimene muli nacho n'chokwanira, muikemo ulusi wa mamilimita 0.20 kapena 0.22. Onjezani mbedza za nambala 6 ndi 8 za nyambo zikuluzikulu, za nambala 16 ndi 18 za mphutsi, timikanda tolemetsa, chochotsera mbedza, kamphasa kogonekapo nsomba komwe mungakhalirenso. Chimene mwina mugula ndi chogwirira chachitali cha kaukonde kotungira nsomba, cha mamita awiri ndi theka kapena atatu, chifukwa magombe a mitsinje ndi aatali ndipo palibe nsanja ya matabwa yokufikitsani pafupi ndi madzi. Ndodo yanu yaitali yolumikiza ija, ya mamita 13 kapena 16, isiyeni kunyumba. Pakati pa nthambi ingokusautsani.

Kamangidwe kake n'kosavuta mochititsa manyazi. Dulani kaulusi kafupi, kapindeni pa ulusi waukulu kuti kazitha kutsetsereka, n'kumanirapo timikanda tiwiri kapena titatu tolemera pafupifupi magalamu 1.6 kalikonse. Ikani choimitsa kaulusi kameneka pa ulusi waukulu, masentimita 40 kapena 50 kumtunda kwa mbedza. Basi. Chinsinsi chili pa kulemera kwake. Ku damu mumafuna chomiza cholemera choti nsomba izikodwa yokha. Kuno mukufuna kulemera kongokwanira kugwira pansi, koti mukatukula ndodo pang'ono nyambo isunthe ndi madzi n'kukakhazikika pena. Mukatero mutha kuponya chakumtunda kwa denga la zinyalala lija, n'kulola madzi kuti akulowetsereni nyambo pansi pake, pamene dzanja silikanatha kuifikitsa. Ndipo timikandato tikakodwa pa muzu, timangopululuka pa kaulusi kaja, mbedza n'kutuluka. Pa mbedza ikani buledi wofewa wa m'kati, wamkulu ngati chala chachikulu, mutsine pa tsinde la mbedza pokha, nsonga ili poyera. Nyongolotsi yaikulu imaposa zonse madzi akada. Nyengo yozizira, tchizi wonunkha wokandidwa ndi buledi amagwira ntchito zodabwitsa. Timibulu tanu tisatayidwe, barbel ndi chub za m'mitsinje imene anthu amawedzamo kwambiri zinatizolowera, koma pa kamtsinje kachete yambani ndi buledi ndi nyongolotsi.

Njira inayo ndi yoyendetsa choyandama ndi madzi, ndipo kwa ine ndiyo yokoma kuposa zonse, ngakhale imafuna nthawi kuti dzanja lizolowere. Choyandama cha ku damu chimamangidwa kumunsi kokha, ndiye mukachikoka pa madzi oyenda chimamira. Cha mumtsinje, monga chija amati stick kapena Avon, chimagwidwa ndi timphira kumwamba ndi kumunsi, kotero mutha kuchiletsa osamira. Chifukwa chochiletsera ndi ichi: madzi a pamwamba amathamanga kuposa a pansi, poti a pansi amakhulana ndi miyala. Mukachisiya choyandama kuti chizipita pa liwiro la pamwamba, chimakoka nyambo mofulumira kuposa chakudya chenicheni chimene chikugubuduka pansi, ndipo roach yaikulu imazindikira. Choncho mumatulutsa ulusi pang'onopang'ono ndi chala, choyandama chikuyenda mochedwerapo kuposa thovu la pambali pake, nyambo ili patsogolo. Ulusi wa pakati pa ndodo ndi choyandama usapange uta pamadzi, muziutukula n'kuubwezera kumbuyo. Mukafika kumapeto kwa mtunda umene mukuyendetsa, imitsani choyandama kwa kanthawi. Nyambo imakwera kuchoka pansi, ndipo nthawi zambiri nsomba imadya pomwepo. Akatswiri a njira imeneyi amakonda chokulungira chozungulira chokha chotchedwa centrepin. N'chosangalatsa, koma musathamangire kuchigula chaka chino.

Pa njira imeneyi luso lanu la ku damu likuthandizani. Mumadziwa kale kuthira chakudya pang'onopang'ono mosalekeza, ndipo anthu ambiri owedza m'mitsinje sachita bwino pamenepa. Mphutsi zisanu kapena khumi pa kuponya kulikonse n'zokwanira. Chosintha n'choti muziganizira kumene zikafikire pansi. Pa madzi ofika m'chiuno oyenda mwachikatikati, mphutsi zoponyedwa patsogolo panu zimakagwa pansi mamita angapo kumunsi, ndipo nsomba zimasonkhana kumeneko. Madzi akakhala othamanga, ponyani chakumtunda. Mukathira zambiri nthawi imodzi, nsomba zimatsatira chakudyacho kumunsi n'kukusiyani. Kumbukiraninso kuti pamalopo mwina pali nsomba zochepa chabe, zosavuta kukhutitsa.

Nsomba ikadya, musayembekezere kuti ndodo ikokedwa m'madzi ngati mmene carp ya ku damu imachitira. Chub imayamba ndi kugogoda kamodzi kapena kawiri, kenaka nsonga ya ndodo imapindika pang'onopang'ono. Dikirani kupindikako ndiye mukoke. Ambiri amagwira ndodo m'manja, ulusi uli pa chala, kuti amve chilichonse. Ikangokodwa, masekondi oyamba ndiwo amagamula mlandu. Ku damu mumaisiya nsomba kuti ithamange poti kulibe kokodwa. Kuno chub imalunjika m'mizu nthawi yomweyo, ndipo ikalowamo mwaluza. Gonekani ndodo cham'mbali, mukoke molimba kuichotsa pobisalapo, osaipatsa ulusi. Ikatuluka poyera imafooka msanga, koma chenjerani nayo ikafika pafupi, chifukwa imakonda kudumphira m'zomera za pansi pa mapazi anu. Musanaponye n'komwe, dzifunseni kuti mukaikoka muitungira pati. Ngati palibe potungira, malowo asiyeni.

Mtsinje umasintha ndi nyengo kuposa damu. Environment Agency, nthambi ya boma yoyang'anira zachilengedwe, imaika pa intaneti kuchuluka kwa madzi m'mitsinje yambiri, ndipo ndi bwino kuzolowera kuyang'ana musananyamuke. Nthawi yabwino kwambiri ndi pamene madzi akutsika pambuyo pa mvula, akadali ndi kamtundu pang'ono koti simungaone pansi bwinobwino, poti nsomba zimachita mantha pang'ono ndipo zimadya. Mvula yofunda ya m'nyengo yozizira imadzutsa barbel ndi roach. Madzi a chipale chosungunuka amazizira mwadzidzidzi n'kutseka pakamwa nsomba zonse, kupatula grayling ndipo mwina chub. Madzi akatsika n'kuyera m'chilimwe, pitani m'bandakucha kapena ola lomaliza kusanade. Ola lomalizali pa kamtsinje limaposa masana onse. Kukatentha kwambiri, dziwani kuti madzi a madigiri 10 amasunga okosijeni pafupifupi mamiligalamu 11 pa lita, pamene a madigiri 25 amasunga pafupifupi 8 okha. Nsomba yotopa imavutika kuchira m'madzi otere, makamaka barbel. Ipumitseni m'kaukonde kali m'madzi musanachotse mbedza, ndipo poibweza igwireni mutu utaloza kumtunda mpaka itakankha yokha mwamphamvu. Mukaitaya msanga imatembenuka chagada n'kukafera kumunsi. Masiku otentha koopsa ndi bwino kungosiya.

Malamulo nawo ndi osiyana, ndipo apa anthu ochoka ku damu amagwa m'mavuto mosadziwa. Chiphaso cha Environment Agency chimene muli nacho, chofunika kwa aliyense wa zaka 13 kupita m'tsogolo, chimagwiranso ntchito ku mtsinje, koma sichikupatsani ufulu wowedza paliponse. Ufulu wowedza pa gawo lililonse la mtsinje uli ndi mwini wake, kawirikawiri mwini malo kapena kalabu ya owedza imene inachita lendi. Kukhalapo kwa njira ya anthu oyenda pansi m'mbali mwa mtsinje sikutanthauza kuti mungawedzepo. Kulowa kalabu ya m'dera lanu ndiyo njira yachidule, ndipo mumapezamo akuluakulu amene akhala akuuyenda mtsinjewo kwa zaka zambiri. Chachiwiri, kuyambira pa 15 Malichi mpaka pa 15 Juni n'koletsedwa kuwedza nsomba zonga chub, roach, dace ndi barbel m'mitsinje, kuti ziswane mwamtendere. Lamuloli linayamba mu 1878. M'madamu ambiri linachotsedwa mu 1995, n'chifukwa chake mwina simunakumane nalo. Miyezi itatu imeneyi ndiyo nthawi yobwerera ku damu kwanu, kapena yoyendera mtsinje popanda ndodo. Timikanda tolemetsa ta mtovu tolemera pakati pa magalamu 0.06 ndi 28.35 tinaletsedwa mu 1987 chifukwa tinkapha mbalame za swan zikatimeza. Ndipo timitsinje tina ndi ta nsomba za trout, momwe malamulo a kalabu amalola nyambo zopanga zonga tizilombo touluka basi, choncho funsani musanaike nyongolotsi.

Ku damu kuli anthu, mwini wake ali pafupi. Ku kamtsinje mudzakhala nokha. Uzani munthu kumene mwapita ndi nthawi yobwerera. Gombe lofukulidwa pansi lija limagumuka, makamaka pambuyo pa madzi osefukira. Musalowe m'madzi amene simukuona pansi pake. Yang'anani mawaya a magetsi musanatukule ndodo, poti ndodo za kaboni zimadutsitsa magetsi ndipo safuna kuti mukhudze waya kuti akudumphireni. Phimbani zilonda za m'manja ndi kusamba musanadye, chifukwa mkodzo wa makoswe umafalitsa matenda a leptospirosis. Mukamva ngati chimfine champhamvu patapita masiku mutachoka kumtsinje, muuzeni dokotala kumene munali. Palinso chomera chachitali cha maluwa oyera chotchedwa giant hogweed, chimene utomoni wake umawotcha khungu likawombedwa ndi dzuwa.

Za kuchuluka kwa nsomba, ndikuuzeni zoona. Simudzadzaza ukonde ngati ku damu. Masiku ena mudzagwira tinsomba tating'ono tokhatokha timene timalanda mphutsi zisanafike pansi, masiku ena palibiretu. Chub ya makilogalamu awiri pa kamtsinje kotere ndi nsomba yonyadira, ngakhale ku damu carp ya kulemera komweko simungaiyang'ane kawiri. Ngati chimene chimakusangalatsani ndi kupindika kwa ndodo mphindi zilizonse, mtsinje ukukhumudwitsani, ndipo palibe cholakwa kubwerera kumene munali. Sindigwirizana ndi aja amanena kuti wowedza ku damu si msodzi weniweni. Ndipo si nsomba zonse za mumtsinje zinabadwira momwemo: Environment Agency ili ndi malo oswetsera nsomba ku Calverton, m'chigawo cha Nottinghamshire, kumene imatenga chub, dace, roach ndi barbel zokabwezeretsa m'mitsinje imene yaonongeka. Koma kunena kuti damu layamba kukukwanani kukundiuza kuti mukufuna nsomba yoti muichite kuifunafuna. Sankhani gawo limodzi la mtsinje, losapitirira kilomita imodzi, muliyende chaka chonse, madzi ali otsika ndi ali odzaza, m'malo mothamangira mitsinje yosiyanasiyana.

Popeza muzisinthasintha pakati pa damu ndi mtsinje, samalani ndi zimene mumanyamula pa ukonde ndi nsapato. Matenda a carp otchedwa KHV amafala kudzera m'maukonde onyowa. M'mitsinje yambiri muli nkhanu za ku America zotchedwa signal crayfish, zimene zinabwera m'zaka za m'ma 1970 ndipo zimanyamula matenda opha nkhanu za mtundu wa komweko, zoyera kunsi kwa zala. Mukazipeza zikudya nyambo yanu mudzazidziwa ndi kukokakoka kosatha pa nsonga ya ndodo. Tizilombo toyambitsa matendawa timatha kukhala ndi moyo pa chinthu chachinyezi kwa masiku. Mukachoka pa madzi ena alionse, chotsani matope ndi zomera pa kaukonde, kamphasa ndi nsapato, muzinyike m'madzi otentha madigiri 45 kwa mphindi 15, kenaka muziyanike mpaka ziume gwa, kwa maola osachepera 48, musanapite nazo kwina. Ngati mungathe, khalani ndi kaukonde ka ku mtsinje kokha, kosiyana ndi ka ku damu.